Za pulogalamu ya make ndi NFS zija: wolakwa anali wotchi

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake make (chida chomangira mapulogalamu a pa kompyuta) ankangomanganso mafayilo omwe ndinali nditamanga kale, kwinaku akudandaula kuti "Clock skew detected", source yonse (mafayilo a khodi ya pulogalamuyo) ili pa seva ya NFS (njira yogwiritsa ntchito mafayilo a pa kompyuta ina kudzera pa netiweki).

Vuto lapezeka, ndipo ndi lochititsa manyazi ndithu. Wotchi ya seva inali patsogolo ndi mphindi pafupifupi 4 poyerekeza ndi ya kompyuta yanga. Paja make sawerenga za m'kati mwa fayilo, amangoyang'ana nthawi imene inasinthidwa. Ndiye fayilo ikalembedwa pa seva inkaoneka ngati yochokera m'tsogolo. Ndinaika chrony, pulogalamu yolunzanitsa mawotchi, pa makina onse awiri kuti azitenga nthawi kumalo amodzi, chenjezo lija zii.

Panalinso kena kamene sindinatchule: ./configure, fayilo imene imayendetsedwa pokonzekera kumanga, ankakana ndi "Permission denied". Ndinataya madzulo onse ndikulimbana ndi chmod (lamulo losinthira zilolezo za mafayilo), osadziwa kuti mawu akuti user amene ndinalemba mu /etc/fstab (fayilo yonena mmene foda ya pa seva imalumikizidwira ku kompyuta yanga) amabweretsanso noexec, yoletsa kuyendetsa mapulogalamu a m'fodamo, mwakachetechete. Ndinawonjezera exec, yolola kuwayendetsa, pambuyo pa mawu akuti user aja, zinatheka.

Panopa source ikukhalabe pa seva, koma ndikumangira mu foda ya pa disiki yanga. Liwiro lake ndiye losayamba.