Tsaya latupa tsiku lachitatu titazula 48: tiyambe amoxicillin kapena tidikire?

A Phiri: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mnyamata wa zaka 24, dzino lake 48, lakumapeto kwenikweni m'munsi kumanja, linamera chogona. Lolemba m'mawa tinacheka usinini, kusema fupa pang'ono ndi kudula dzinolo pawiri. Lero Lachitatu wabwera tsaya litatupa mpaka m'mphepete mwa nsagwada, pakamwa pakungolowa zala ziwiri. Thupi likutentha 37.2, mafinya palibe, ululu umatsika akamwa paracetamol. Achibale akuumirira jakisoni. Ndimuyambitse amoxicillin?

A Mbewe: Musathamangire, a Phiri. Dzino lomwe mwasemera fupa limatupitsa tsaya kwambiri pakati pa maola 48 ndi 72, kenaka kutupako kumaphwa pang'onopang'ono mpaka sabata. Mnyamatayo wabwera pa nthawi yomwe tsaya limakula kwambiri. Chatupitsa ndi bala la mnofu ndi fupa, osati tizilombo, ndiye amoxicillin sangaphwetse kanthu. Chongani zitatu musanalembe mankhwala. Khudzani tsaya: lofewa, losafiira, losatentha kuposa linzake, ndi kutupa wamba. Lowetsani chala pansi pa lilime, pakhale pofewa ndipo lilime lisakwere. Mupatseni madzi ameze mukuona. Pakamwa musamayeze ndi zala zokha, ikani rula pakati pa mano akutsogolo mulembe mamilimita, kuti mawa mukhale ndi chofanizira. Munthu wabwinobwino amayasamula pafupifupi 40.

Paracetamol yekha akuchepa. Onjezani ibuprofen 400 mg maola 8 aliwonse atadya, paracetamol 1 g maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g pa tsiku.

Mayi Chirwa: Ibuprofen'yo musanamupatse funsani za zilonda za m'mimba, mphumu ndi impso. Funsaninso, pa awiri, ngati akumwa ma ARV. TLD, mtundu wina wa ma ARV, ili ndi tenofovir, ndipo iyeyo ndi ibuprofen onse amalemetsa impso, choncho akhale wa masiku atatu okha ndipo munthu azimwa madzi ambiri. Wa shuga yekha ndi amene sindingamudikirire nthawi yaitali, chifukwa bala lake limagwidwa msanga.

Za kunyumba: nthawi ya ayezi yadutsa, amathandiza tsiku loyamba ndi lachiwiri, mphindi 20 pa tsaya, 20 kupuma, atakulungidwa m'kansalu. Amene alibe firiji timawauza agule mafirizesi pagolosale. Panopa aziika kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, azigonera mapilo awiri mutu ukwere. Mkamwa, theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, kanayi pa tsiku makamaka akatha kudya. Asachukuche mwamphamvu, angopendeketsa mutu madziwo atuluke okha.

A Gondwe: Pa kansalu kofundako ndisiyane nanu pang'ono, mayi. Tikamuuza wodwala kuti azithowa, kunyumba amathowa ndi madzi otentha kwambiri, ndipo ngati mkati mwayamba mafinya kutupako kumakula. Ndingalole pokhapokha a Phiri atatsimikiza zitatu zija, ndipo amuuze kuti akaona tsaya likuuma kapena kufiira asiye, abwere.

Chimene ndikuopa pa 48 ndi china: dry socket, yomwe imabwera tsiku lachitatu mpaka lachisanu. Magazi oundana aja akachoka m'dzenje fupa limatsala poyera, ululu umabaya mpaka kukhutu, mkamwa mumanunkha, koma tsaya silitupa kwenikweni ndipo thupi silitentha. Nayonso siifuna maantibayotiki. Tsukani dzenjelo ndi saline (madzi amchere a kuchipatala) pa sirinji, ikani mankhwala a m'dzenje otchedwa Alveogyl kapena kagozi kopaka zinc oxide eugenol, muonenso pakatha masiku awiri. Kagoziko kumbukirani kukachotsa. Zimene zimachotsa magaziwo timazidziwa: fodya, kulavulalavula, kumwera pa kapaipi, kutokosa ndi lilime kapena kamtengo. Ngati amasuta, apirire sabata yonse. Adye phala lozizirako, nthochi, mazira, mbatata yophwanya, nsima yofewa kutafunira mbali inayo. Nzimbe, mtedza ndi chimanga chokazinga adikire.

A Mbewe: Zoona. Ndiye malire ake ndi awa. Kutupa kukamakulabe tsiku lachinayi, thupi kufika 38, tsaya kuuma, mafinya kutuluka mukafinya pa bala, kapena pakamwa kucheperachepera, amenewo ndi matenda. Masulani ulusi umodzi mafinya atuluke, tsukani, kenaka amoxicillin 500 mg ndi metronidazole 400 mg, onse katatu pa tsiku, masiku asanu. Mowa asayandikire akumwa metronidazole. Amene penicillin amamuwenga mupatseni erythromycin kapena clindamycin m'malo mwa amoxicillin.

Koma ichi musachiphonye, chonde. Kutupa kukawolokera mbali zonse ziwiri pansi pa chibwano n'kulimba ngati thabwa, lilime kukwera, malovu kumangochucha, mawu kusintha, kulephera kumeza kapena kugona chagada, imeneyo ndi Ludwig's angina ndipo imatseka njira ya mpweya. Palibe za mapiritsi. Ikani dripu, yambani maantibayotiki a mumtsempha, akhale tsonga mu ambulansi, apite ku Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, komwe kuli pafupi, ndipo imbanitu foni akonzeke.

A Phiri: Zikomo nonse. Ndayeza: pansi pa lilime pofewa, akumeza bwino, akuyasamula 24 mm, magazi oundana ali m'malo mwake, shuga alibe, ma ARV sakumwa. Mlomo wam'munsi ndi lilime zilibe dzanzi. Ndalemba ibuprofen ndi paracetamol, abwerenso Lachisanu. Nanga achibale aja?

Mayi Chirwa: Awonetseni 24 yomwe mwalembayo, muwauze kuti Lachisanu ikuyenera kukwera, ndipo zizindikiro zoopsa zija muwalembere papepala kuti akaziona usiku asadikire kuche. Kuyambira mawa aziyasamula pang'onopang'ono kangapo pa tsiku nsagwada isaume. Ulusi mudzachotse tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ulendo wina mukaona pa X-ray kuti musema fupa, perekani dexamethasone 8 mg, wochepetsa kutupa, kamodzi musanayambe, ngati alibe shuga, ndipo posema muzithira saline wambiri fupa lisapse.