Digiri ya educational psychology ya pa intaneti: kodi imapezetsa ntchito yanji?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Ngabu, ndipo ndikulingalira zochita digiri ya educational psychology (phunziro la kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana) kudzera pa intaneti, popeza sindingathe kusiya ntchito ndi banja n'kukakhala ku Zomba. Kodi pepala lotere limavomerezeka kuno kwathu, nanga munthu akalitenga amagwira ntchito yanji kupatula kubwerera m'kalasi momwe anachokera?

Mlangizi wa maphunziro wopuma, Nchalo:
Aphunzitsi, musanalipire ngakhale tambala, lembani kalata ku National Council for Higher Education ku Lilongwe, chifukwa bungweli ndilo limavomereza masukulu a ukachenjede ndi kuunika mapepala ochokera kunja. Sukulu imene ikudzitama pa Facebook koma bungweli silikuidziwa, ingoisiyani.

Kunena za ntchito, musayembekezere kuti mudzapeza ofesi yolembedwa dzina la maphunziro anuwo pa chitseko. Amene adachita phunziroli amalowa m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi monga Domasi College of Education, ena amakonza masilabasi ndi mabuku ku Malawi Institute of Education, ndipo ena amafunika ku MANEB, kumene kulemba funso labwino la mayeso ndi luso palokha. Gawo la kuyeza nzeru ndi kusanthula zotsatira za mayeso, limene ambiri amalithawa chifukwa cha masamu, ine ndimaliona kuti ndilo lotsegula makomo kwambiri, choncho musasankhe sukulu imene ikungolidumpha.

Mayi wogwira ntchito ndi ana, Bangula:
Ndikugwirizana ndi abambo a ku Nchalo, koma ndikufuna kuwonjezera kuti ntchito ina yaikulu ili kuno kuchigwa komwe. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, masukulu ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa adasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ana atabwerera m'kalasi ena sankayankhula, ena ankanjenjemera mvula ikangoyamba kugunda pa malata. Mphunzitsi wosadziwa amati mwanayo wayamba ulesi kapena mwano, pamene wophunzira za kaganizidwe ka ana amazindikira kuti ndi mantha ndipo amadziwa kumene angamutumize. Mabungwe oteteza ana amafuna anthu otere.

Palinso nkhani ya chiyankhulo, imene inu a Sitandade 5 mukuidziwa kuposa ine. Mwana amayankhula Chisena kapena Chimang'anja kunyumba, amayamba sukulu m'Chichewa, kenako maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi, ndipo akakhala chete timathamangira kunena kuti mutu wake ndi wouma. Mukamadzawerenga Piaget ndi Vygotsky, akatswiri odziwika a za kaganizidwe ka ana, kumbukirani kuti ana amene iwo ankawaona anali a ku Switzerland ndi Russia. Komabe mfundo ya Vygotsky yakuti mwana amakwanitsa zambiri akathandizidwa ndi wina womuposa pang'ono imagwira bwino m'kalasi lodzaza, mmene mphunzitsi sangafikire aliyense koma angathe kukhazika ana m'magulu mwanzeru.

Mphunzitsi wa ana olumala, Chikwawa:
Achimwene, ine ndili ndi chikayiko pa mbali imodzi. Kuzindikira mwana amene ali ndi vuto la kumva, kuona kapena kuwerenga sikuphunziridwa pa foni, kumafuna kukhala naye mwanayo pamaso pa mphunzitsi wodziwa amene angakuwongolereni, monga zimachitikira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Funsani sukulu yanuyo ngati ili ndi nthawi ya maphunziro a pa ntchito, ndiponso amene adzakuyang'anireni muli kuno. Funsaninso ngati maphunziro ake amajambulidwa kuti muziwatsitsa usiku netiweki ikakhala bwino, chifukwa kalasi ya vidiyo imatha bandulo mofulumira, ndipo magetsi akazima pa nthawi ya mayeso si sukulu zonse zimene zimamva chifukwa chimenecho.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Zikomo nonse. Kalata ya ku Lilongwe ndilemba sabata ino. Achimwene a ku Chikwawa, kodi mphunzitsi wamba ngati ine angaloledwe kumakaonerera ntchito yanu tsiku limodzi pa sabata, ndipo chilolezocho chimachokera kwa ahedi kapena kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a m'dera lathu?