Aziphunzitsi anzanga, ma practical a Agriculture mumapanga bwanji?

Moni nonse, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa Agriculture sitandade 7 pa sukulu ina yakumudzi. Ana anga manotsi amaloweza bwinobwino koma ukawauza kuti apange bedi la nazale kapena mulu wa kompositi amangoyang'anana, chonsecho kwawo amalima, zimandiwawa kwambiri.

Ndiye ndikufuna tiyambe kadimba ka sukulu azifesa okha mpiru ndi tomato, aziwokera, aziyeza mipata ya mapando ndi chingwe kuti masamu alowe momwemo, chifukwa mwana chimene wagwira ndi manja saiwala msanga. Ku TTC, koleji ya aphunzitsi, anatiphunzitsa za TALULAR inde, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwelo, koma kalasi ndi yodzadza ndipo period imatha tisanagawane n'komwe makasu.

Inu amene munayesapo magulu mumagawa bwanji kuti aliyense agwireko? Nanga madzi poti mjigo ndi umodzi wa mudzi wonse, ndipo pa holide amathirira ndani, mbuzi mumaziteteza bwanji? Mbewu zimatheka kugula ndi ndalama za SIG, zija zimaperekedwa zotukulira sukulu?

Chachikulu ndi makolo, ena akuti tikugwiritsa ana ganyu m'malo mowakonzekeretsa mayeso a MANEB. Mumawafotokozera bwanji pa msonkhano wa PTA kuti amvetse? Chonde ndithandizeni mvula isanayambe.