Jeli ya kokonati yakana kugwira, vuto lili pati?

Nachisale wa ku Mufakose:
Abale, mango adzaza ku msika wa Mbare Musika kuno ku Harare, Zimbabwe. Ndikufuna kukonza zotsekemera za ku Asia zopanda mkaka wa ng'ombe, mazira kapena gelatine, poti alendo ena sadya chilichonse chochokera ku nyama. Ndagwiritsa ntchito ufa wa agar-agar koma jeli yangokhala madzi okhaokha. Thandizeni.

Aphiri a ku Highfield:
Anachisale, mwina simunawiritse. Agar amachokera ku ndere za m'nyanja ndipo sasungunuka m'madzi ofunda ngati gelatine. Thirani tiyisupuni imodzi ya ufawo m'kapu imodzi ya madzi ozizira (250 ml), takasani, muike pamoto mpaka abwate kwa mphindi 2 kapena 3. Mukatero muthire kapu ina ya mkaka wa kokonati wofunditsa ndi masupuni atatu a shuga. Mukathira wozizira, agar amaundana pomwepo n'kupanga timibulu. Mandimu azibwera komalizira, mutaphula, chifukwa zowawasa zikawira naye limodzi jeliyo imafooka. Amagwira ngakhale kunja kwa firiji, choncho magetsi akazima musade nkhawa.

Nabanda:
Ku mashopu a amwenye ku Belvedere mufunse China grass, ndi agar yemweyo. A ku Japan amamutcha kanten. Papaya ndi nanazi zosaphika zimalepheretsa gelatine kugwira koma agar sizimukhudza.

Mayi a Tadala:
Ine ndinganene kuti mangowo musawabise m'jeli. Konzani khao niao mamuang wa ku Thailand, mpunga womata wa mango. Koma mpunga wake ndi glutinous rice wa m'mashopu a Matchaina. Kilombero, ngakhale anunkhire bwanji, samata chomwecho. Viikani makapu awiri usiku wonse, tsanulani madzi, muukulunge m'kansalu koyera, muuike pa sefa pamwamba pa madzi owira kwa mphindi 25 mpaka 30. Osauphika m'madzi, umasanduka phala. Funditsani chitini cha kokonati cha 400 ml ndi theka la kapu ya shuga ndi tiyisupuni imodzi ya mchere, osachibwatitsa kuopa kuti mafuta angalekane. Thirani chambiri mpunga ukadali wotentha, vindikirani mphindi 20, chotsalacho n'chothira pamwamba popakula. Mchere musausiye, popanda iwo zimakola msanga. Mango asankheni opanda ulusi, kalisere apa sakuyenera. Alendo auzeninso dzina lake ndi komwe chakudyacho chimachokera, ndipo chidyedwe tsiku lomwelo poti m'firiji mpungawo umauma gwa.