Woimba akasintha kiyi ndimasochera: theory ya gitala ndiyambire pati?

Kamgitala:

Akuluakulu, ndithandizeni. Machord otsegula monga G, C, D, Em, Am, E ndi A ndimawagwira bwinobwino, ndipo nyimbo ikakhala kuti yalembedwa machord ake ndimaimba. Vuto limabwera woimba akati "kwezani pang'ono", kapena akayamba nyimbo imene sindinaionepo papepala. Ena akuti ndiphunzire kaye kuwerenga manoti a pa staff, mizere isanu ija yolembapo nyimbo, ena akuti ndiloweze ma scale onse. Chofunika kuyamba nacho n'chiti, ndipo chiphunziridwe bwanji pa gitala penipenipo?

Chingwe_Chachikulu:

Achimwene, staff isiyeni kaye. Ndi yabwino, koma siimene ingathetse vuto lanuli. Chimene mukusowa ndi kudziwa mtunda wa pakati pa manoti, ndipo pa gitala mtundawo umawerengedwa ndi mafret, timipata ta pakati pa tizitsulo ta pakhosi pake.

Manoti onse alipo 12, kenako amabwereza. Fret imodzi ndi theka la sitepe, mafret awiri ndi sitepe yathunthu. Pakati pa E ndi F, komanso pakati pa B ndi C, pali fret imodzi yokha, mulibe sharp (#), noti yapakati yokwezedwa ndi fret imodzi. Pena ponse pali mafret awiri. Ambiri amaiwala zimenezi n'kumafuna F pa fret 2, pomwe ali pa fret 1.

Lowezani zingwe ziwiri zokha zazikulu. Chingwe chachikulu kwambiri, cha nambala 6, ndi E: fret 1 ndi F, 3 ndi G, 5 ndi A, 7 ndi B, 8 ndi C, 10 ndi D, 12 ndi E kachiwiri. Cha nambala 5 ndi A: fret 2 ndi B, 3 ndi C, 5 ndi D, 7 ndi E, 8 ndi F, 10 ndi G. Timadontho ta pakhosi pa gitala, tomwe nthawi zambiri timakhala pa 3, 5, 7, 9 ndi 12, tikuthandizani kuti musamawerenge kuchokera kumutu nthawi zonse.

Kenako major scale, yomwe ndi do re mi fa so la ti do. Kuchoka pa noti iliyonse, yendani mafret motere: 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1. Yesani pa chingwe chimodzi, kuyambira pa G wa pa fret 3: mugunda 3, 5, 7, 8, 10, 12, 14, 15. Manoti ake ndi G A B C D E F# G. N'chifukwa chake kiyi ya G ili ndi F#, osati F: sitepe yathunthu kuchoka pa E imadumpha F.

Tsopano apatseni manambala. Pa noti iliyonse ya scale pamakhala chord yake, ndipo mtundu wake susintha mu kiyi iliyonse ya major: 1, 4 ndi 5 ndi major, 2, 3 ndi 6 ndi minor, 7 ndi diminished, yomwe simukumana nayo kawirikawiri. Mu G, ndiye kuti G, Am, Bm, C, D, Em. Nyimbo imene mumaiimba G, C, D, Em musamaiganize ndi malembowo ayi. Iganizeni kuti 1, 4, 5, 6. Woimba akafuna A, manambala ndi omwewo: A, D, E, F#m.

Ndipo gitala imakuthandizani yokha. Chord 1 ikakhala pa chingwe 6, chord 4 ili pa fret yomweyo pa chingwe 5, chord 5 ili mafret awiri kutsogolo pa chingwe 5 chomwecho, ndipo 6 ili mafret atatu kumbuyo kwa 1 pa chingwe 6. Mu A: fret 5, fret 5, fret 7, fret 2. Kiyi ikasintha, dzanja lonse limangosuntha. Izi n'zimene zingakupulumutseni pakati pa nyimbo.

Mai_Alto:

Zonsezo n'zoona, koma pali chimodzi chimene chalumphidwa, ndipo popanda icho mfundo yoti 2, 3 ndi 6 ndi minor imangokhala yoloweza. Chord wamba imapangidwa ndi manoti atatu: mumatenga noti imodzi ya scale, kudumpha yotsatira, kutenga ina, kudumphanso, kutenganso. C ndi C, E, G. Pa gitala mumamenya zingwe zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, koma manoti ndi atatu omwewo obwerezedwa. C wotsegula, kuyambira chingwe 5 kutsika, ndi C, E, G, C, E.

Chimene chimasiyanitsa major ndi minor ndi noti yapakati yokha. Ikakhala mafret 4 kuchoka pa noti yoyamba, chord ndi major. Ikakhala mafret 3, ndi minor. Noti yachitatu ili mafret 7 kuchoka pa yoyamba m'mitundu yonse iwiri. Gwirani E, kenako chotsani chala cholozera pa fret 1 ya chingwe 3. G# yatsika kukhala G, ndipo mwapeza Em. Chimodzimodzi A ndi Am: kusiyana kwake ndi fret imodzi pa chingwe 2, C# kutsika kukhala C. D ndi Dm kuli pa chingwe 1, F# kutsika kukhala F. Muziliza noti yapakatiyo payokha, kenako chord yonse, mpaka khutu lizolowere.

Chenjezo limodzi: zingwe zoyandikana zimasiyana mafret 5, kupatula chingwe 3 ndi 2, G ndi B, zomwe zimasiyana mafret 4. Mukasamutsa kagwiridwe ka zala kudutsa pa chingwe cha B, noti ya pa chingwe chimenecho iyenera kupita fret imodzi kutsogolo. Ambiri amati theory yawanamiza, pomwe ndi B ameneyu.

Za ma barre chord omwe njira ya manambala ikufuna, aja chala cholozera chimadinda zingwe zingapo pa fret imodzi, musayambire pa F wa pa fret 1. Pamenepo zingwe zimalimba chifukwa zili pafupi ndi mutu. Yambani pa fret 5, chala cholozera chipendekeke pang'ono kuti chidinde ndi m'mbali mwake molimba, chikhale pafupi ndi kachitsulo ka fret, chala chachikulu chili kuseri pakati pa khosi. Chingwe chikamalira mogwedera, nthawi zambiri chala chili kutali ndi kachitsulo, osati mphamvu zachepa. Mukadinda mopyola muyeso noti imakwera pang'ono n'kumamveka ngati gitala sinachunidwe.

Wa_Bass:

Ine ndikuti khutu liyende limodzi ndi zimenezi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa woimba sakuuzani kuti ali mu kiyi yanji. Mverani pamene nyimbo imapumira, kawirikawiri kumapeto kwa kolasi. Ing'ung'uzani noti imeneyo osaisiya, kenako yendetsani chala pa chingwe 6 fret ndi fret mpaka mawu anu ndi a chingwe agwirizane. Mukayandikira koma musanafike, mumamva mawu awiriwo akugwedezana. Mukafika, kugwedezako kumatha. Ameneyo ndi 1 wanu. Yesani major, yesani minor, ina mwa izo ikhala bwino.

Musadalire chord yoyamba ya nyimbo, chifukwa zambiri zimayambira pa 4 kapena pa 6. Komanso nyimbo ikamapumira pa Em, machord ake ndi omwe aja a mu G, kungoti kwawo kwasamukira pa 6.

Ndipo chonde, nthawi nayonso ndi theory. Ikani metronome, kachipangizo kogunda nthawi mosasintha, pa kugunda 60 pa miniti, werengani 1, 2, 3, 4 mokweza, sinthani chord pa 1 aliyense. Dzanja lomenya lisaime podikira lamanzere. Ngati zala sizikufika, zinyamuleni msanga pa theka lomaliza la 4, zingwe zilire zotsegula kamphindi, palibe amene amamva. Chord yolondola yofika mochedwa imasokoneza oimba kuposa yolakwika yofika pa nthawi yake.

Kamgitala:

Zikomo kwambiri nonse. Mafunso awiri. Woimba akafuna Bb (B wotsitsidwa ndi fret imodzi), kapo, kachipangizo kopana zingwe zonse pa fret imodzi kaja, ndiike pati? Ndiponso ndaona nyimbo ya mu G ili ndi A major, pomwe mwati 2 ndi minor. Yalembedwa molakwika?

Chingwe_Chachikulu:

Kapo imakweza chilichonse theka la sitepe pa fret iliyonse. Kuchoka pa G kufika pa Bb: G#, A, Bb, mafret atatu. Ikani kapo pa fret 3, gwirani G, C, D, Em monga mwa nthawi zonse, zomveka zikhala Bb, Eb, F, Gm. Muthanso kuiika pa fret 1 n'kugwira machord a mu A. Mukamauza wa kiyibodi kapena wa bass, muwauze kiyi yomveka, Bb, osati G yemwe zala zanu zagwira, apo ayi mugundana. Kapo ikhale pafupi ndi kachitsulo, yowongoka, ndipo mukaiika chunaninso, chifukwa yothina kwambiri imakweza zingwe.

A major mu G sicholakwika. Yang'anani chord yotsatira, mupeza kuti nthawi zambiri ndi D. Mu kiyi ya D, A ndi chord 5, ndipo 5 imakokera kwa 1 wake. Wopeka nyimbo wabwereka A kwa kanthawi kuti akankhire nyimbo pa D. Chimene chikukoka ndi C# ya mu A, yomwe ili fret imodzi pansi pa D. Mukaika A7, yemwe ndi A woonjezera noti ya G, kukokako kumakula, monga D7, yemwe ndi D woonjezera noti ya C, amachitira pobwerera pa G: F# amakwera kupita pa G, C amatsika kupita pa B. Mukumananso ndi B7 patsogolo pa Em, ndi E7 patsogolo pa Am, pa chifukwa chomwechi. Ngati mukuimba lead, kuliza manoti imodziimodzi m'malo mwa machord, pamwamba pa A ameneyo, sinthani C kukhala C# pa nthawi ya A yokhayo, D akangofika mubwerere ku scale ya G.