Kodi €6,000 pamwezi ikukwana kukhala mosatekeseka ku Lisbon?

Wofunsa: Abale anga, thandizeni maganizo. Munthu wolemba mapulogalamu a kompyuta, wogwirira ntchito pa intaneti, akulandira €6,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Akufuna kukakhala ku Lisbon ndi mkazi wake, ana palibe. Ayambire pati, ndipo ndalamayi ikwana?

Yankho loyamba: Achimwene, ayambire pa viza ya anthu ogwirira ntchito pa intaneti yotchedwa D8, yomwe Portugal inatsegula mu October 2022. Amafuna kuti malipiro a pamwezi akhale kanayi kuposa malipiro otsikitsitsa a dzikolo. Mu 2025 otsikitsitsawo anali €870, ndiye pankafunika €3,480. Pamenepo wadutsa kale. Akonze kontrakiti ya ntchito, masitetimenti a ku banki a miyezi itatu yapitayi, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, inshuwalansi ya zaumoyo ndi umboni wa kumene akakhale. Viza imakhala ya miyezi 4 yokha. Akafika amakaonekera ku AIMA, ofesi yoona za anthu olowa m'dzikomo yomwe inalowa m'malo mwa yakale ya SEF mu 2023, kuti alandire khadi la zaka 2. Mizere kumeneko ndi yaitali, choncho asunge pepala lililonse losonyeza tsiku lomwe anamupatsa.

Yankho lachiwiri: Viza si pomwe anthu amagwera, amagwera pa msonkho. Mukakhala m'dzikomo masiku opitirira 183 pachaka, Portugal imakudulani msonkho pa ndalama zonse, ngakhale kampani ili ku America. Ambiri amawerengabe nkhani zakale za NHR, dongosolo lochepetsera msonkho anthu osamukira kumeneko, koma khomo limenelo analitseka kwa obwera kumene mu 2024. Ngati akulembetsa ngati wodzigwirira yekha, kumeneko amati recibos verdes, Segurança Social, thumba la boma la penshoni ndi chithandizo, imatenga 21.4% pa 70% ya zomwe wapeza. Pa €6,000 ndiye pafupifupi €900 mwezi uliwonse. Chaka choyamba amakukhululukira, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu: amazolowera ndalama yonse, mwezi wa 13 n'kudzidzimuka. Pamwamba pake pali IRS, msonkho wa pa ndalama zomwe munthu wapeza, womwe umakwera mpaka 48% pa gawo lapamwamba la ndalama. Langizo langa, azipatula gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuposerapo, mu akaunti ina, ndipo alipire akauntanti wa komweko asanasamuke.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga za nyumba?

Yankho lachitatu: Popanda NIF, nambala ya msonkho, simungasainire lendi kapena kutsegula akaunti, choncho imeneyo ndiyo yoyamba. Nyumba ya zipinda ziwiri zogona amaitcha T2, ndipo pakati pa mzinda nthawi zambiri imadutsa €1,500. Eni nyumba amafunsa fiador, munthu wa komweko woti akuimireni pangongole. Mlendo alibe, ndiye amamupanikiza kuti alipiretu miyezi yambirimbiri, pomwe lamulo limalola miyezi 2 yolipiratu ndi ina 2 ya chikole. Onetsetsani kuti kontrakiti yalembetsedwa ku Finanças, ofesi ya msonkho, apo ayi AIMA ikhoza kuikana. Osatumiza ndalama pa nyumba yomwe mwangoiona pa chithunzi, chonde.

Ndipo pokayendera nyumbayo, sunthani kabati muone khoma la kuseri kwake. Nyumba zakale za m'madera a Alfama ndi Graça mu Lisbon n'zokongola kunja, koma zambiri zilibe chotenthetsera, ndipo mu January chinyezi chimadetsa makoma ndi nkhungu, nsapato m'kabati n'kuchita ubweya. Gulani makina okoka chinyezi tsiku lomwelo.

Yankho lachinayi: Munthu wogwirira ntchito kunyumba alibe chifukwa cholipirira lendi ya ku Chiado, dera lodula la pakati pa mzinda. Aone ku Oeiras, pa njanji ya ku Cascais, kapena awoloke mtsinje wa Tejo apite ku Almada: boti lochokera ku Cacilhas, ku Almada komweko, limafika pa Cais do Sodré mu Lisbon m'mphindi pafupifupi 10. Khadi la Navegante la €40 pamwezi limakwera sitima, basi, metro ndi botilo, galimoto n'kusafunikanso. Akapatula za msonkho ndi lendi, anthu awiri atsala ndi €2,000 kapena kuposerapo ya chakudya, magetsi, intaneti ndi kusunga. Ikukwana bwinobwino, bola awerengere pa ndalama yotsalayo, osati pa €6,000.