Kodi mankhwala amene timagwiritsa ntchito pakhomo angayambitse khansa ya m'mawere?

Abiti Mdala, Namwera

Ndili ndi saluni yaing'ono, ndipo pafupifupi tsiku lililonse ndimapaka makasitomala anga dayi ndi mankhwala owongola tsitsi, nthawi zambiri popanda magolovesi. Achemwali anga awapeza ndi khansa ya m'mawere chaka chino, ndipo kuyambira pamenepo amayi a pamsika akhala akunena zosiyanasiyana: ena akuti ndi mafuta oyeretsa khungu, ena akuti ndi chakudya chotentha cha m'majumbo. Ndikupempha amene akudziwa bwino kuti atiuze zimene zili ndi umboni.

Namwino wopuma, Mangochi boma

Pepani kwambiri achemwali chifukwa cha matendawo. Pa zonse mwatchulazi, nkhani ya tsitsi ndiyo ikukukhudzani kwambiri. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Sister Study, amene anatsatira amayi oposa 46,000 omwe aliyense anali ndi mchemwali wodwalapo khansa ya m'mawere, anasonyeza mu 2019 kuti amayi ogwiritsa ntchito dayi wosasuluka ankadwala khansayi mochulukirapo, ndipo kusiyanako kunali kwakukulu pakati pa amayi akuda. Chimodzimodzinso amene ankawongola tsitsi ndi mankhwala pafupipafupi. Kafukufuku wamtunduwu amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, satsimikiza kuti china ndicho chayambitsa chinzake, komabe kwa inu amene manja anu amakhala m'mankhwalawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, magolovesi ndi kutsegula mawindo a saluni si zinthu zozengereza nazo.

Chimene madokotala sakayikira n'chakuti mowa, kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba, ukalamba ndiponso kukhala ndi wachibale wapafupi amene anadwalapo zimawonjezera chiopsezo, pomwe kuyamwitsa nthawi yaitali kumachichepetsa. Popeza achemwali anu adwala, muziyezetsa mawere ku chipatala cha boma, ndipo mukamva chotupa, ngakhale chosapweteka, kapena mukaona nsonga ya bere ikulowa m'kati kapena ikutuluka magazi, musadikire.

Bambo Kaliati, mphunzitsi, Monkey Bay

Ine ndiwonjezerepo za pulasitiki. Mankhwala ena a m'pulasitiki, monga BPA, akalowa m'thupi amachita zinthu mofanana ndi mahomoni a amayi otchedwa estrogen, omwenso amakulitsa mitundu yambiri ya khansa ya m'mawere, ndipo mayiko a European Union analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi chizolowezi choyatsira mbaula jumbo. Mayi amaika jumboyo pakati pa makala, n'kuweramira pomwepo akukupiza, utsi wakuda wonunkha uli kumaso, mwana ali kumbuyo. Pulasitiki ikamapsa imatulutsa utsi wapoizoni wowononga mapapo, ndipo timitengo touma kapena zisononkho za chimanga zimayatsa makala bwino lomwe.

Mayi Chikondi, Malindi

Nanga mankhwala amene amapopera m'nyumba opha udzudzu aja? Apongozi anga anakana kutsegulira opoperawo atamva kuti amayambitsa khansa.

Namwino wopuma, Mangochi boma

Mantha amenewo anachokera ku DDT, mankhwala akale amene kafukufuku wa ku California anawagwirizanitsa ndi khansa ya m'mawere mwa amayi omwe anakhudzana nawo ali atsikana aang'ono. Koma m'boma la m'mphepete mwa nyanja ngati lathu lino, kumene malungo amapha ana chaka ndi chaka, kukana opopera n'kudziika pangozi yaikulu kwambiri. Afunseni dzina la mankhwalawo, tulutsani ufa, madzi akumwa ndi ziwiya, ndipo mudikire panja kwa nthawi imene akuuzani. Zoopsa zenizeni zili m'mankhwala ogulidwa pamsika m'timapepala topanda dzina, monga tameki wopha makoswe, komanso mapiritsi otetezera chimanga ku anankafumbwe, amene amatulutsa mpweya wakupha ngati matumba asungidwa m'chipinda chogona. Ndipo Jik musamamusakanize ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo umapsereza maso ndi mapapo nthawi yomweyo.